Miyendo Munabwereketsa Yani, Adzukulu Anga?

Ndikadayamba ndi mawu akuti khalani pansi ndikuuzeni, monga ankayambira akuluakulu akafuna kutsina mwana khutu, koma kukhala pansiko ndiwo mlandu umene ndakuitanirani, choncho lero mumva muli chiimire. Imirirani ndithu, inu amuna anga a tindevu tongomera kumene, ndi inu akazi anzanga amene mwayamba kundiposa kutchena pakhomo pano. Kafoni kaja kalowe m'thumba, sikathawa. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mukaona nkhalamba yaiwala kabotolo kake ka fodya n'kuyamba kung'ung'udza dzuwa lili paliwombo, dziwani kuti chilipo chaidya mtima.

Chandidya mtima ine ndi miyendo yanu. Ndimaiona ili iwiri ndithu, yonona, yodzola mafuta onunkhira, yovekedwa nsapato zothamangira zimene mtengo wake ungagule mbuzi yabere, koma ntchito yake sindiiona. Nsapato zothamangira, wothamanga palibe! Mwana wa zaka 15, magazi akadali otentha, ukamutuma mchere pa okala yoonekera pakhonde pomwe, amayamba wafunsa kuti, "Agogo, ya kabaza?" Akakwera kachitunda ka pamsewu apo, wefuwefu, manja m'chiuno, thukuta lili kamukamu, maso akusakasaka pokhala. Kalanga ine! Kodi miyendo imeneyi munabwereketsa yani, ndipo adati adzabweza liti?

Kalelo, ha, kalelo mwana wamkazi ankadzuka tambala wachiwiri atangolira. Tsache m'manja, bwalo lonse mbee, kenaka nkhata pamutu, ulendo wa kuchitsime. Ndowa ija ya malita 20 imene inu mumaikankha ndi phazi, ikadzaza imalemera makilogalamu 20, ndipo ife tinkakwera nayo chitunda ili pamutu, tikuseka, tikujeda anyamata, osagwetsa ndi dontho lomwe. Ukatula madzi, mtondo ukukudikira. Kukonola chimanga si chibwana, adzukulu anga. Munsi unkakwera ndi kutsika mpaka mapewa kutentha, kenaka lichero, kupeta, kupatula gaga, kuviika mphale, ndipo pakapita masiku angapo kubwereranso pamtondo womwewo kukasinja ufa, awiri kapena atatu mtondo umodzi, minsi ikulandizana mwa nyimbo kuti wina asaswe mnzake chala. Anyamata nawo sankaotha dzuwa. Khasu paphewa, kugalauza mizere, kupalira, kubandira. Wosapita kumunda ali kudambo ndi ng'ombe, ndipo ng'ombe ikaloza m'munda mwa eni, liwiro lake silinkafuna mphunzitsi. Kusukulu unali ulendo wapansi, mame akukunyowetsa mpaka m'mawondo, ndipo belu likalira uli kutsidya kwa mtsinje unkadziwa wekha chochita ndi miyendo yako.

Ndiye mukuganiza kuti tikatero tinkagwa pamphasa? Iyayi! Masana kunali phada, jingo, nsikwa, masanje, ndi mpira wachikulunga wa nsanza ndi luzi, wokankha ndi phazi losadziwa nsapato mpaka chikhadabo kuzuka. Kunali fulaye, amene inu simumudziwa ndi dzina lomwe: awiri ayima uku ndi uku akuponya mpira, wapakati akuzinda, kudumpha, kugwada, kudzigwetsa, uku akuthamangira kudzaza mchenga m'botolo asanamulase. Yesani tsiku lina muone ngati mapapo anu angafike pakati pa botolo. Mwezi ukawala bwalo linkadzaza: chitelera, chimtali, chibisalirano, fumbi koboo mpaka amayi atulukire ndi kamtengo kudzatithamangitsa, ndipo kuthamangitsidwako nakonso kunali kuthamanga. M'nthawi ya a Kamuzu kudalinso Sabata ya Achinyamata, ana asukulu kulambula misewu, kukonza milatho, kuumba njerwa. Za nthawi imeneyo zilipo zambiri zosayenera kuzilakalaka, ndipo sindikuzilakalaka, koma mwana ankadziwa kulemera kwa fosholo.

Ndikuona chimene chikutakataka pamilomo panu. Mukuti agogo akufuna kutibwezera ku umphawi. Dekhani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mjigo ndi wabwino, mpope wa pakhomo ndi wabwino koposa, chigayo ndi dalitso. Makosi ndi misana ya amayi ambiri idapindika ndi mitolo ya nkhuni, ndipo mwana wodzuka usiku kukatunga madzi amakasinza m'kalasi. Zimenezo ndidaziona ndi maso angawa, ndipo kumidzi ziliko mpaka lero. Ine sindikulira ndowa. Ndikulira kuti ntchito itachoka, pamalo pake simudaikepo kanthu, mbale yokha ndiyo idakula. Chakudya mukudya cha munthu wochokera ku dima, pamene tsiku lonse mwaswera pasofa, chala chachikulu chokha ndicho chikugwira ganyu pa TikTok.

Ndipo chakudyacho ndi chakudya chanji? Nsima yathu inali yoyera ndithu, sindikana, koma tinkailipira thukuta la pamtondo tisanaidye, ndipo pambali pake pankakhala nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, therere la denje, khwanya, kholowa, mfutso m'chilimwe, nyemba, nandolo, khobwe, tiusipa kapena timatemba zikayenda bwino. Nyama inkadza pa Khirisimasi, paukwati, kapena mlendo wolemekezeka akafika ndipo tambala wakhala ndi tsoka. Zotsekemera zathu zinali m'tchire ndi pamwamba pa mitengo: masuku, masawu, bwemba, malambe, matowo, mango. Kuti udye unkayamba wayenda, wakwera, walumidwa ndi linthumbu. Nzimbe nayo inkafuna mano ndi nsagwada zolimba. Tsono inu, ogo! Chiwaya chili pachipata penipeni pa sukulu, tchipisi chikusambira m'mafuta okazingira kuyambira Lolemba, zigege, mandasi, soseji, ndi tokhwasulakhwasula ta m'mapepala onyezimira, tosiya zala zofiira ndi mimba yosakhuta. Bonongwe mukuti ndi udzu. Mgaiwa mukuti ndi wa kundende ndi kusukulu yogonera. Mgaiwa womwewo ndiwo achipatala amalangiza odwala shuga kuti azidya, popeza gaga uja ali momwemo, ndipo amachedwetsa shuga kulowa m'magazi n'kusunga mimba yokhuta nthawi yaitali. Mudzaudya ndithu; funso n'lakuti mudzaudya mwa kufuna kwanu kapena mwa lamulo la dokotala.

Chimene chimandizunguza mutu kwambiri ndi chotsitsira. Madzi mudasiyira abakha. Botolo laling'ono limodzi la zoziziritsa kukhosi zija, la mamililita 300, limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi timasipuni 8. A bungwe loona za umoyo padziko lonse, la WHO, adanena mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, ndiye kuti timasipuni 12 kwa munthu wamkulu, ndipo adaonjeza kuti zikadakoma koposa titakhala 6 tokha. Werengani nokha, popeza masamu mumawadziwa kuposa ine. Timasipuni 3 mu tiyi wam'mawa (ndimakuonani, ena mumathira 4, sipuni yake yosongoka pamwamba), botolo pa buleki, sikwashi pa nkhomaliro, botolo lina madzulo poonera mpira wa ku England umene eni ake akuthamanga inu mutagona chammbali. Choipa cha shuga wakumwa n'chakuti mimba siimuwerenga. Ukadya mbatata ziwiri, mimba imati basi, ndamva. Ukamwa mabotolo awiri, mimba imangokhala duu, n'kumadikira nsima yake yonse ngati sipanadutse kanthu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Tsono makolo anu asabisale kuseri kwa chitseko, ndawaona, nawonso abwere aimirire pompano. Mtundu wathu udaphunzira kuopa kuonda, ndipo sudaphunzire pachabe. Njala ya 1949 akuluakulu ankaisimba misozi ili m'masaya. Ya 2002 makolo anu adaiona okha, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi. M'zaka za m'ma 1990, matenda aja atalusa m'midzi ndi m'matauni, munthu akangoonda pang'ono anthu ankakodolana ndi kunong'onezana za kaliwondewonde. Nanga n'zodabwitsa kuti mpaka lero mawu akuti "koma ndiye mwanenepa!" ndi moni wotamanda, kuti mimba yotsogola imatengedwa ngati chiphaso cha ubwana, kuti mayi akaona masaya a mwana wake ali phwii amapuma mtima kuti anthu sandinena? Koma nyengo idatembenuka mwakachetechete. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, okwana 21 anali olemera kupitirira muyezo, pamene mu 1992 anali 10 okha; m'tauni anali 36. Kafukufuku yemweyo adapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 ali opinimbira. Dziko limodzi, nthawi zina nyumba imodzi, wina akusowa chakudya chomukulitsa, wina akulemedwa ndi chakudya chosamumanga. Ndipo si kwathu kokha kuno. A WHO akuti mu 1990 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 olemera kupitirira muyezo anali 8 mwa 100 padziko lonse. Pofika 2022 anali 20 mwa 100, anthu oposa 390 miliyoni.

Ndiye makolo anu, pofuna kuti inu musaone zimene adaona iwo, adakumangirani mpanda wa njerwa wa magalasi osweka pamwamba, adakulemberani wantchito wosesa, wochapa ndi wotsuka ngakhale kapu imene mwamwera, ndipo amakutulani ndi galimoto pachipata penipeni pa sukulu, akadatha akadakulowetsani nayo m'kalasi. Mukaweruka, patitaimu. Loweruka, patitaimu. Pa holide, patitaimu. Mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, iwo adaumva theka: kusema amasema, koma nyanga za masiku ano sizifota, zimangofuna bandulo ina. Kusukulu nako, nthawi ya masewera imalembedwa bwinobwino pakhoma, koma mayeso a Sitandade 8 kapena a MSCE akangonunkhira, masamu amaimeza yonse, ngati kuti ubongo umakhala m'thupi la munthu wina. Chonsecho mwana wothamanga magazi amayenda bwino mpaka kumutu, amagona tulo tabwino, ndipo za m'kalasi amazigwira msanga. Mabwalo amene amalume anu ankasewererapo m'matauni muno, ambiri adadulidwa mapuloti, pena pali nyumba, pena malo omwetsera mafuta galimoto. Msewu ulibe poyenda wapansi, njinga zamoto zikungoti vuu m'mbali zonse. Pamenepa pokha, adzukulu anga, mlandu si wanu, ndipo aphungu ndi makhansala amene amabwera ndi mipira ndi mayunifolomu chisankho chikayandikira ndimafuna ndiwafunse kuti mipirayo aikankhira pati.

Pitani tsiku lina mukasuzumire m'khola la nkhuku zoyera zija zamalonda. Chakudya chili pakamwa, madzi ali pakamwa, nyali ikuyaka usiku wonse, mvula siziidziwa, mphamba sizimudziwa. Pakatha milungu 6 zanona kale, woziona amati mwini wake ndi katswiri. Koma itulutseni imodzi pabwalo: miyendo ikulephera thupi lake lomwe, iyenda pang'ono n'kukhala pansi, kukamwa kuli yasa. Ya chikuda imene imaswera kupalasa kuseri kwa nkhokwe, ikaona mthunzi wa mphamba imadziwa kolowera, ndipo kuti muigwire muyenera kuitana mudzi wonse. Inu mukuleredwa mwa njira yoyambayo, ndipo okuleraniwo akuti n'chikondi.

Musaganize kuti ndikunena za maonekedwe. Maonekedwe anu sandisowetsa tulo, ndinu okongola nonse, mudatengera ine. Ndikunena za zimene zikuchitika m'kati, popeza chakudza sichiimba ng'oma. M'mimba mwanumo muli kachiwalo kotchedwa kapamba, kamene kamatulutsa insulin, ndipo insulin ndiye amatsegulira shuga njira kuti achoke m'magazi alowe m'minofu kukagwira ntchito. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, minofu imayamba kugontha, siimvanso kugogoda kwa insulin, ndipo kapamba kamagwira ntchito usana ndi usiku mpaka kutheratu mphamvu. Shuga wosowa kolowa amatsalira m'magazi, n'kumadya pang'onopang'ono maso, impso ndi mitsempha ya m'mapazi, mwini wake osamva kanthu zaka ndi zaka. Matenda a shuga a mtundu umenewu tinkawadziwa kuti ndi a nkhalamba. Lero madokotala akuwapeza mwa ana amene sanalembe n'komwe mayeso a Folomu 4. Onjezanipo kuthamanga kwa magazi, mafuta m'chiwindi, mawondo olira, ndi nkonono wobanika nawo usiku umene umachititsa mwana kudzuka ali wotopa. Koma tamverani chimene Namalenga adabisa m'thupi: mnofu ukamagwira ntchito umakoka shuga m'magazi wokha, osadikira insulin wambiri. Ndiye kuti mankhwala ena mukuyenda nawo, kapena ndinene kuti mukukhalira.

Ndipo inu amayi, tamverani ichi. Alipo ana amene kuseri kwa khosi ndi m'khwapa khungu limada, kukhuthala ndi kuoneka ngati litsiro lokanirira. Mayi amatenga mwala wotsukira mapazi, kukhula mwana mpaka kulira, kumunena kuti ndi wauve. Kawirikawiri limenelo si litsiro. Ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kusamvera insulin, ndipo chofunika si sopo wina koma ulendo wa kuchipatala kukayezetsa shuga. Akale adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Ine ndikuti liyang'aneninso khosilo. Mu 2009 a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi a WHO adayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, n'kupeza kuti mmodzi mwa atatu alionse magazi ake amathamanga kupitirira muyezo, ochuluka osadziwa n'komwe, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga. Amenewo ndi anthu amene adakula akusenza ndowa ndi kupita kusukulu wapansi. Nanga inu mudzakhala bwanji? Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kale wamkuluyo tinkati ndi kholo. Pa nkhani iyi wamkuluyo ndiwe wemwe, uli ndi zaka 40, ana ako akufuna fizi, iwe uli pamzere wa mankhwala, pakuti ambiri onenepa kwambiri paunyamata amalowa nalo thupilo kuukulu.

Eya, ndakuonani inu oonda, mwayamba kugundana zigongono ndi kuyang'ana mnzanu. Anyani amasekana zikundu! Kafukufuku wa a WHO amene adatuluka mu 2019, wa ana asukulu 1.6 miliyoni m'maiko 146, adapeza kuti 81 mwa 100 a zaka 11 mpaka 17 sagwedeza thupi mokwanira. Kodi 81 onsewo ndi onenepa? Mlandu ndi umodzi, kungoti wanu sunaonekere kunja. Ndipo ndikuuzeni mosapsatira: amene amatsekera mnzanu m'nyumba ndinu. Mumamupatsa maina, mumamusankha pomaliza pogawana matimu, mukamusankha mumamuika pagolo ati atseke ndi thupi, akathamanga mumafa ndi phwete, ena mpaka kumujambula n'kutumiza pa WhatsApp. Mawa lake sabweranso. Amadzitsekera kuchipinda, ndipo mnzake wosamuseka amene amatsala ndi mbale. Aphunzitsi ena ndi azakhali ena nawonso ali ndi pakamwa pomwepo, ati akumulimbikitsa. Palibe mwana adaonda chifukwa chonyozedwa. Ambiri adangoonjezera kudya mobisa ndi kulira mobisa. Matupi sitidabadwe nawo ofanana. Ena n'kumtundu, ena ndi mankhwala amene akumwa, ena ndi matenda ofuna dokotala. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo ine amene ndakhalitsa ndaona oonda ambiri a ku sekondale akulephera kumanga zingwe za nsapato atayamba kulandira malipiro.

Iwe mdzukulu wanga wathupi, bwera pafupi, izi ndi zako. Usandisalire kudya. Mwana amene akukula sasala kudya. Mafupa ako akumangidwa tsopano lino, ndipo wodumpha kadzutsa ndi nkhomaliro amakagwera pachiwaya madzulo n'kudya za anthu atatu. Timatiyi toondetsa timene akutsatsa pa Facebook tija, tambiri ndi totsegula m'mimba basi: chotuluka ndi madzi ndi ndalama za amayi ako, mafuta ali pompo. Malamba omanga pamimba mpaka kubanika, chimodzimodzi. Nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi, ndipo safunsa adadya phula. Pita kuchipatala cha pafupi, akakuyeze sikelo, msinkhu, magazi ndi shuga, akakuuze pamene uli. Kwa mwana amene akutalikabe, nthawi zambiri chofunika si kugwetsa thupi mwaphuma, koma kuimitsa kunenepako kuti msinkhu ulipeze. Pambale pako pakhale magulu 6 aja a zakudya amene mudaloweza ku pulayimale n'kuwasiya pa pepala la mayeso: masamba achuluke, zanyemba zisasowe, chipatso chilowe pamalo pa bisiketi, mitanda ya nsima ichepe ndi umodzi, madzi alowe pamalo pa botolo. Ndipo foni isagone nawe pamphasa. Wa msinkhu wako amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10, ndipo wosagona mokwanira amadzuka ndi njala yolusa yofuna zotsekemera.

Tsono za miyendo. Akatswiri a WHO akuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwedeza thupi mphindi 60 patsiku, ndipo masiku 3 pa mlungu pazikhala zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha, kuthamanga ndi kunyamula. Ola limodzi! Dziko lafika poti ola limodzi lokha liyenera kulembedwa m'mabuku ndi anthu ophunzira ku Geneva, pamene ife linkatha tisanamwe phala. Koma chabwino, tilandire. Ola limenelo silifuna jimu, silifuna zovala zothina za mtengo wapatali, ndipo silifuna kuti likhale lathunthu nthawi imodzi. Mphindi 20 popita kusukulu wapansi, 20 pobwera, 20 za mpira, chingwe kapena gule madzulo, latha. Muyezo wake ndi wapafupi: mtima ugunde, thukuta lituluke, uzitha kuyankhula koma osatha kuimba. Kukolopa nyumba mowerama, kuchapa mabulangete, kuthirira dimba ndi kheni, kuwaza nkhuni, kupalasa njinga, zonsezo zimawerengedwa, ndipo amayi anu sadzakana. Wathupi lolemera asayambe ndi liwiro, mawondo angamukwiyire. Ayambe ndi kuyenda ndawala mphindi 10 kapena 15, mlungu wotsatira aonjezere, kachitunda kaja akakwere kawiri m'malo mwa kamodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Sikelo ikachedwa kutsika musataye mtima, pakuti mtima, mapapo ndi shuga wa m'magazi zimayamba kusintha sikelo isanavomere. Wodwala mphumu kapena mtima, ndi womva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa akamathamanga, ayambe waonana ndi achipatala.

Akazi anzanga, inu ndiye mumandimvetsa chisoni koposa. M'kafukufuku uja wa 2019, atsikana osagwedeza thupi mokwanira anali 85 mwa 100, anyamata 78. Ndimadziwa chimene chimachitika. Mtsikana akangotha msinkhu, chifuwa chikayamba kuoneka, anyamata a pamphambano ayamba malikhweru, azakhali ayamba kuti namwali sadumphadumpha, ndipo iye amapinda manja pachifuwa n'kusiya bwalo mpaka kalekale. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Amayi, m'gulireni mwana kamisolo kogwira bwino, mtengo wake sufika mabandulo a mwezi umodzi. Kumwezi si matenda, ndipo kuyenda ndi kusewera kumachepetsa cham'mimba kwa ambiri. Kodi Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba, amene adasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015, akadamvera za namwali sadumpha, bwenzi mukumudziwa? Nanga ana a kwa Chawinga ku Rumphi? Tabitha adaposa onse kumwetsa zigoli ku Italy, kenaka ku France. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, chiwerengero chimene padalibe adachifikapo m'ligi imeneyo. Onsewa adayambira pa mpira wachikulunga, pafumbi. Ku Mulanje chaka ndi chaka kumakhala mpikisano wa onyamula katundu wa alendo paphiri, makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika miyala, amuna ndi akazi omwe. Sindikuti nonse mukhale akatswiri. Ndikuti magazi ake ndi omwewa muli nawowa.

Chotsala n'chakuti musachite nokhanokha, pakuti woyenda yekha amapeza chifukwa chogonera tsiku lachitatu: lero kwazizira, mawa kwatentha, mkuja mutu. Chimvano cha mavu n'choning'a pamimba. Panganani a mdadada umodzi, a kwaya imodzi, a kalasi imodzi. Wathupi akhale pakati panu, osati pagolo, ndipo woseka mnzake atuluke ndiye. Abambo nawo avule tayi atsagane nanu, mimba ija si chiphaso cha kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musadikire kuti boma likubweretsereni ola lanu pa galimoto.

Loweruka likudzali ndikufuna ndimve phokoso la fulaye pabwalo panga, botolo ndi mchenga ndakonza kale. Woswa galasi la zenera ndi mpira ndimukhululukira. Thobwa ndaphika, la chimera chokhachokha, lopanda shuga, lili m'mbiya kuchipinda kwanga, ndipo kiyi ali pa mkanda wanga. Wolifuna ayambe wandionetsa thukuta.